Thumba Losokedwa ndi Apongozi

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa palibe chachikulu chimene ndinachita kupatula kutaya mbuzi za amalume kawili. Ndiyambila pamene boma linandiveka yunifomu, ndipo ndifika pa nkhani ya thumba imene amai anu amati ndimatopetsa nayo anthu pa maukwati. Ndikailemba pano mwina alendo apuma.

Chaka chachitatu cha ufulu, Petauke

Ndinatsika basi pa Petauke ndi sutikesi ya malata, nsapato za boma zokwana anthu awili, ndi Sitandade 3 m'mutu. Ntchito yanga inali ya usilikali wa ndende. Mmawa ndinkapelekeza akaidi kudimba kapena kukatema nkhuni za maofesi a pa boma, madzulo n'kuwawelenga ndi kutseka zitseko. Ndinali wowonda kwambili, moti mkaidi wina wachikulile anandiuza kuti, "Bwana, mphepo ikaomba gwililani ine. Tingakutayeni, mlandu n'kukhala wathu."

Sukulu ndinaisiya msanga, koma njala ya kuwelenga sinandisiye. Ndinkawelenga nyuzipepala yokulungila kapenta isanapite pamoto, mapepala a pa mabotolo a mankhwala a ng'ombe, ngakhale malangizo a pa thumba la feteleza, ine wopanda munda. Tsiku lina m'sitolo ya ndende ndinapeza buku lalikulu la malamulo a khoti litachilikiza mwendo wa tebulo. Chiswe chinali chitayamba kale kuliwelenga kuchokela kumbuyo. Ndinaika njelwa pansi pa tebulo, buku n'kupita nalo kunyumba. Ndinkaliwelenga ndi chala, milomo ikugwedela, Chingelezi chake chikundigwetsa ngati njinga pa mchenga. Anzanga anandipatsa dzina loti Loya wa Chiswe, ati ine ndi chiswe tinalowa kalasi imodzi koma chiswe ndicho chinamaliza buku. Dzinalo linandithandizanso, chifukwa akulu ataona kuti ndimalemba zooneka anandichotsa padzuwa n'kundikhazika pa tebulo lolandilila akaidi atsopano.

Chipani chitatsala chimodzi, Nyimba

Ananditumiza ku Nyimba, kumene akaidi ankalima chimanga ndipo malungo ankatilima ife. Kumeneko ndi kumene ndinapeza amai anu, ndipo ndi kumene ndinaphunzila kuti kwa Ansenga apongozi si anthu oyang'anizana nawo. Sudya nawo, sukhala nawo mphasa imodzi, dzina lawo silituluka pakamwa pako, ndipo akakutuma sufunsa kawili. Mukakumana panjila umapatuka. Ine ndinapatuka mwachangu tsiku lina, nditaona ambuye anu, amai a amai anu, akuchokela kumtsinje ndi mtsuko, ndipo ndinakagwela m'chitedze, yunifomu ndi yonse. Ndinakanda masiku angapo. Ambuye anu anatumiza uthenga kudzela kwa mwana wawo woti ulemu auona ndipo athokoza, koma ulendo wina ndiyambe ndayang'ana kumene ndikulumphila.

Chaka chimene sopo anasowa, Petauke

Ndinabwelela ku Petauke ndili kopolo. Mkulu wa ndende anali a Mutale, Mubemba wa kumpoto, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa pali chimbuya, ndiye kuti timanyozana popanda mlandu. Iwo ankanditchula wodya mbewa, ine ndikaona kuti palibe wina pafupi ndinkawafunsa ngati anyani a kwawo atsalako kapena anawadya onse. Inali nthawi yovuta. Sopo mmodzi tinkamudula ndi ulusi kuti akwanile chipinda chonse. Mchele ndi saladi, mafuta ophikila aja, zinkabwela ngati alendo. Galimoto ya ndende inakhala pa njelwa nthawi yaitali mpaka nkhuku inaikila mazila pa mpando wa dalaivala, ndipo a Mutale analamula kuti isasokonezedwe chifukwa ndi yokhayo imene ikugwilitsa ntchito katundu wa boma.

Chaka chimenecho anabweletsa pa tebulo langa mnyamata wina, Yelesani Daka, kalipentala. Kwawo kunali ku Nyampande, koma anakwatila kufupi ndi Kacholola ndipo ankakhala kwa mkazi wake monga mkamwini. Pepala la khoti linati anapezeka ndi chamba, anavomela mlandu, zaka zitatu. Osuta chamba ndinali nditawaona ambili, ndipo uyu sanali kufanana nawo. Pamene ndinkalemba, iye ankayang'ana mwendo wa tebulo langa umene unkagwedela, manja ake akuyabwa kuti aukonze.

"Iwe Yelesani, chamba unachitenga kuti?"

"Sindinachionepo, bwana, mpaka apolisi atang'amba thumba."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Ankabwela ku Petauke kudzasaka misomali, ndipo munthu wina anamupatsa thumba losokedwa pakamwa ndi chingwe, ati ndi fodya wopota, akapeleke kwa wogulitsa wina pamsika. Masiku amenewo msewu waukulu unali ndi malodibuloko chifukwa cha nkhondo za m'maiko oyandikana nafe. Pafupi ndi Nyimba apolisi analasa thumbalo ndi waya. Pamwamba panali fodya, pakati chamba.

"Nanga unavomelelanji?"

"Thumba linali m'manja mwanga, bwana. Ndikanati linali m'manja mwa ndani? Ndinawauza kuti ndinanyamula ndine, koma sindinatsegule, za mkati sindinazidziwe. Anandifunsa amene anandipatsa, ndinakhala chete. Milandu inali yambili tsiku lija. Anangoti chabwino, wavomela."

"Munthu wamkulu ngati iwe, kunyamula thumba osalitsegula?"

Anawelama. Pamenepo chitedze chija chinandiyabwanso pamsana. Ndinatsitsa mawu. "Amene anakupatsa, mukakumana panjila umapatuka?" Anayamba kukanda simenti ndi chala cha kuphazi. Ndinadziwa kuti ndi atate a mkazi wake.

Buku langa lija linanena momveka kuti munthu amene wavomela mlandu sachita apilo yokana mlanduwo, amangodandaula za kukula kwa chilango. Koma pa tsamba lina, limene chiswe chinadya m'mbali mokha, panali nkhani yoti munthu akavomela kunyamula chinthu n'kunena pomwepo kuti sanadziwe chimene wanyamula, khoti lisamuwelenge ngati wovomela, limve mbali yake. Ndinawelenga tsambalo kangapo mpaka amai anu anafunsa ngati ndayamba kupemphela m'Chingelezi. Nthawi yochitila apilo inali milungu iwili yokha. Mmawa ndinamuitanitsa Yelesani ndili wokondwa ngati ndapha njovu, koma iye anakana.

"Akandifunsanso za mwini thumba, bwana. Ine ndine mkamwini. Munda ndi wawo, nyumba ili pa malo awo, mkazi ndi mwana wawo, ndipo ali ndi pakati. Ndikawatchula pa gulu ndidzabwelela kuti? Zaka zitatu zimatha. Manyazi satha."

Malamulo onse a m'buku langa anathela pamenepo. Mkaidi sumuchitila apilo iye asakufuna.

Sabata yotsatila

Tsiku loona akaidi kunabwela mkazi wake Esinati, mimba ili patsogolo, pamodzi ndi amai ake, amai Mwanza, mai wamfupi wouma ngati mtengo wa mopani. Lamulo lathu linali loti mlendo ndi mkaidi ayang'anizane pa windo la waya, msilikali akumvetsela. Yelesani atangoona chitenje cha apongozi ake anagwada n'kuyang'ana khoma. Amai Mwanza nawonso anatembenukila kugeti. Nthawi inkatha, anthu ena akudikila pamzele, ndipo panalibe amene analankhula.

Ndinatenga timipando tiwili n'kutiika pansi pa mtengo wa mango pakati pa mageti awili, titafulatilana. Ndinakhazika mmodzi apa, wina apo, misana itayang'anana, ine n'kuimilila pakati. Zimenezi sizinali m'buku lililonse la ndende.

"Bambo, auzeni akamwini anga kuti tawaona," anatelo amai Mwanza.

"Akuti akuonani," ndinatelo ine, ngakhale kuti mnyamatayo anali pafupi moti akanamva ngakhale kupuma kwawo.

"Auzeni kuti ndathokoza, bwana. Ulendo ndi wautali. Afunseni ngati chitseko cha nkhokwe chija chikutsekeka."

"Akufunsa za chitseko cha nkhokwe."

"Auzeni kuti sindinakwele lole kuchokela ku Kacholola kudzakamba za chitseko. Afunseni: mudzi uja ndi wa ndani, wanga kapena wa amuna anga?"

Yelesani anati ndi wa amai ndi alongo awo.

"Ee. Amuna anga aja nawonso ndi akamwini. Anabwela ndi nkhwangwa ndi bulangete, zina zonse anazipeza. Atamva kuti thumba lagwidwa anati akupita kukalila malilo ku Lusaka, mpaka lelo malilo ake sakutha. Ndinawaona ndi maso anga akusoka thumba lija kuseli kwa nyumba, ndinayesa fodya. Tsono auzeni akamwini anga kuti ulemu umene akusungila munthu ameneyo tauona, ndipo taubweza. Mwana wanga abeleka mwezi wa mawa. Adzamumangila ndani denga? Ulemu?"

Apa Loya wa Chiswe anatentha mutu. Ndinatembenukila kwa Yelesani n'kuyamba kumuuza kuti amai akuti chilungamo ndi mzati wa dziko, ndiponso kuti malamulo a Khoti Lalikulu amalola munthu wotele kudandaula.

"Bambo," anandidula amai Mwanza osatembenuka, "zimenezo sindinanene ine. Nenani zanga zokha. Zanuzo mukanene kwanu."

Esinati anaseka koyamba tsiku limenelo, atagwila mimba. Ndinabweleza mawu awo monga anawanenela. Kenaka amai Mwanza anamaliza: "Auzeni alankhule. Alongo anga, eni mbumba, avomeleza. Akatuluka, nyumba ndi yawo, munda ndi wawo. Ndipo ngati boma likufuna chala changa pa pepala, chala ndabwela nacho."

Potsiliza Yelesani anati, "Auzeni kuti ndamva. Lembani, bwana."

Mawa lake

Apilo ya mkaidi imadutsa m'manja mwa mkulu wa ndende. A Mutale anawelenga zimene ndinalemba, magalasi ali pamphuno, n'kuziika pansi.

"Iwe wodya mbewa, wovomela sachita apilo. Ngakhale chiswe chako chikudziwa zimenezo."

"Chikudziwa, bwana, koma tsamba lina chinalisiya."

Sanaseke. Ananyamuka n'kutseka chitseko. Anandikumbutsa nthawi imene tinalimo, pamene munthu ankayang'ana kumbuyo asanadandaule ngakhale za mtengo wa shuga. Msilikali wa ndende wolembela mkaidi kuti khoti linalakwitsa, ena akanati akutsutsa boma, ena akanati wadya za mkaidi. Anandiuzanso kuti dzina langa linali pakati pa oti apite ku maphunzilo a usajeni chaka chimenecho. "Ine ndisaina kuti pepala ladutsa pano, ndi ufulu wa mkaidi, sindingaukane. Koma pamene pakufunika dzina la amene wamulembela, pakhala lako. Kufikila nkhaniyi itatha sindingakutumize ku maphunzilo. Ikagwa, adzakuponya kumene Nyimba udzaikumbuka ngati tauni. Kapena musiye mnyamatayo apemphe kuchepetsa chilango basi. Pamenepo palibe amene angakuloze chala."

Ndinali ndi ana atatu panthawiyo, inu akuluakulu, ndipo usajeni unali ndi nyumba ya zipinda ziwili. Ndinapita kunyumba masana osadya. Amai anu anamvetsela akusankha nyemba, ndipo anati, "Akachepetsa chilango dzina la chamba limutsatabe mpaka kumanda. Ndani adzamupatsa mipando ya sukulu kuti akhome? Inu munagwela m'chitedze chifukwa cha amai anga. Amai anga akanakupatsani thumba mukanalitsegula?" Ndinati ayi. "Ndiye amene ali m'ndendemo ndinu. Pitani mukadzitulutse."

Ndinabwelela n'kulemba dzina langa lonse, ndi zilembo zazikulu kuti asavutike pondipeza. Popeza galimoto yathu inali ya nkhuku, a Mutale anandipatsa ulendo wopelekeza mkaidi wodwala ku Chipata pa lole ya thonje, mapepala ali m'malaya. Pondipatsa chilolezo anati, "Ukakagwa usakanene kuti unaphunzila kwa Mubemba."

Chipata

Mlanduwo anaupeleka kwa loya wa boma wothandiza osauka, a Mundia, mnyamata wa ku Mongu wa tayi yofiila. Ndinali nditalemba zifukwa zisanu, ndipo ndinkayembekeza kuti andigwila chanza. Anawelenga choyamba, n'kukhwatcha. Chachiwili, n'kukhwatcha. Atafika pa chachitatu, pamene ndinalemba kuti wodandaulayu ndi kalipentala wabwino ndipo wakonza kale mabenchi onse a m'ndende, anaseka mpaka anavula magalasi. "A kopolo, chifukwa ichi jaji akachiona amusunga konko kuti akonzenso madenga." Anakhwatcha zinayi. Chotsalacho anachizinga ndi cholembela. "Ichi chokha ndicho mlandu. Ngati zolemba za khoti loyamba zikusonyeza kuti ananena kuti sanadziwe za m'thumba, tili ndi poyambila." Anachilembanso m'Chingelezi choongoka, n'kutumiza kuti amai Mwanza akalumbile ndi kudinda chala chawo.

Kenaka tinadikila. Mvula inabwela n'kupita. Anzanga anapita ku maphunzilo a usajeni n'kubwela ndi mizele itatu pamkono, ine ndikuwachitila sailuti. Ena ankandifunsa mokweza kuti, "A Loya, mlandu wanu uja chiswe chadya?" Esinati anabeleka mwana wamkazi, ndipo Yelesani anamuona koyamba kudzela pa waya.

Tsiku la mlandu ndinamupelekeza ndine, dzanja lake ndi langa zili mu unyolo umodzi. Jaji wa Khoti Lalikulu anali munthu wolankhula motsitsa, moti tonse tinatambasula makosi. Zolemba za khoti loyamba zinawelengedwa, ndipo mawu a Yelesani analimo, akuti sanatsegule thumba. A Mundia analankhula mwachidule. Loya wa mbali ya boma anaimilila n'kunena kuti sakutsutsa. Jaji asanagamule ngati mlandu uyambilenso, anayang'ana Yelesani n'kufunsa kudzela mwa womasulila kuti anasoka thumba ndani, ndipo chifukwa chiyani sananene poyamba.

Yelesani anadzutsa mutu. "Anali atate a mkazi wanga, bwana. Kwathu mkamwini satsegula katundu wa apongozi, ndipo sawatchula pa gulu. Lelo ndanena chifukwa amai andilola."

Jaji analemba kwa kanthawi. Kenaka anati munthu amene wanena kuti sanadziwe chimene wanyamula sanavomele mlandu, ndipo ankayenela kumvedwa. Anafafaniza chigamulo ndi chilango chomwe. Anati poona umboni wa amai aja ndi miyezi imene mnyamatayo wakhala kale m'ndende, palibe chifukwa choyambitsilanso mlandu. Ine ndinaimilila n'kumenya sailuti ndi nsapato zanga zija mwamphamvu, moti khoti lonse linatembenuka, ndipo ndinaiwala kuti dzanja limene ndakweza lili ndi Yelesani kumapeto kwake. Tinachita sailuti tonse awili. Kiyi wa unyolo ndinamusaka m'matumba onse, ndipo a Mundia anati, "A kopolo, fulumilani, mukusunga munthu wosalakwa."

Pa geti

Tinabwelela ku Petauke kuti akatenge zovala zake, unyolo uli m'thumba langa. Uthenga unali utatsogola. Pa geti tinapeza Esinati ndi mwana kumsana, ndi amai Mwanza atakhala pansi chofulatila, pambali pawo pali thumba lodzaza, losokedwa pakamwa. A Mutale anatuluka okha mu ofesi, chinthu chimene sankachitila mkaidi aliyense. Anagwila Yelesani chanza, kenaka anandiyang'ana ine kuyambila kumutu mpaka kumapazi. "Kodi mbewa zimapatsa nzelu chonchi? Mailo undibweletsele ziwili." Usajeni unabwela patapita zaka ziwili, ndipo anandiveka ndi manja awo.

Amai Mwanza anati thumbalo ndi la bambo amene anaima pakati. A Mutale anakweza mawu kuti onse amve. "Amai, msilikali salandila mphatso, zipita kukhitchini ya akaidi. Ndiponso thumba losokedwa la ku Kacholola sililowa pa geti langa."

Anthu anaseka, koma amai Mwanza sanaseke. Anamasula lumo pa nsonga ya chitenje, n'kudula chingwe okha, msoko ndi msoko. Anayala chitenje china pansi, n'kukhuthula thumba lonse mpaka kulikutumula chozondotsa. Munali nshawa zokhazokha, zofiila, zosenda kale.

"Bambo," anatelo akupinda thumba lopanda kanthu, "auzeni akamwini anga kuti kuyambila lelo chilichonse chochokela m'nyumba mwanga azitsegula. Ngakhale ndawapatsa ndine."

Ndinakonza kukhosi, n'kutembenuka kuti ndipeleke uthengawo monga mwa ntchito yanga. Yelesani anali atagwada poyang'ana mpanda, mwana wake ali m'manja. Sanandidikile.

"Ndamva, amai," anatelo.

"Chabwino," anayankha amai Mwanza. "Chitseko cha nkhokwe chija chinagwa."

Ndinatsala nditatsegula pakamwa, uthenga uli m'kamwa wopanda koupeleka. A Mutale anali atayamba kale kutola nshawa.